Kutumiza Zokolola Kunja: Yambirani kwa Wogula, Mubwerere Kumunda

Ntchito yanga ndi yokonza mapepala a katundu wopita kunja, makamaka wa makopaletivu ndi makampani ang'onoang'ono ogula mbewu ndi kukonza zakudya. Boma likangolengeza kuti lasaina pangano latsopano la malonda ndi mayiko ena, sabata imeneyo foni sipuma. Funso limakhala limodzi: "Akuti msonkho achotsa, ndiye titumize liti?" Yankho langa anthu salikonda. Pa katundu amene ndamuona atakanidwa padoko, wambiri msonkho wake unali ziro. Anakanidwa chifukwa cha chuku, mankhwala, kachilombo kamodzi m'katoni, kapena pepala losagwirizana ndi linzake.

Zimenezi zili ndi poyambira pake. Bungwe loona za malonda a dziko lonse la WTO litakhazikitsidwa mu 1995, mayiko anagwirizana kuti ziletso zambiri pa zokolola zisanduke msonkho wodziwika, ndipo msonkhowo uzitsika. Chaka chomwecho linayambanso kugwira ntchito pangano la SPS, lopatsa dziko lililonse ufulu wokana chakudya, ziweto kapena zomera zimene zingadwalitse anthu kapena kufalitsa tizilombo, bola pakhale umboni wa sayansi. Chiyambire nthawi imeneyo misonkho ikutsika, malamulo a ukhondo akukhwima. Ndiye wofuna kugulitsa kunja asadikire kukolola kuti azifunsa koti apite nazo. Ayambe wadziwa wogula ndi malamulo a dziko la wogulayo, kenaka abwerere chambuyo mpaka pa tsiku lodzala.

Choyamba dziwani nambala ya katundu wanu, imene amaitcha HS code. Akasitomu sadziwa katundu ndi dzina, amamudziwa ndi manambala 6 amene amayang'aniridwa ndi World Customs Organization, ndipo dziko lililonse limawonjezera ake kumapeto. Mtedza wosasenda ndi 1202.41, wosenda ndi 1202.42, koma mukaukazinga kapena kupanga chiponde umasamukira ku 2008.11. Khofi wosakazinga ndi 0901.11, wokazinga ndi 0901.21. Nambalayo ilowetseni pa Market Access Map ya bungwe la International Trade Centre (ITC) la ku Geneva, kapena pa Access2Markets ngati mukuloza ku European Union (EU), muone msonkho wake ndi zofunika zina. Trade Map, ya ITC yomweyo, ikuuzani mayiko amene amagula katunduyo, matani angati, kuchokera kwa yani. Zonsezi zili pa intaneti.

Mukamayang'ana muona kuti msonkho umakonda kukwera katundu akakhala wokonzedwa. Khofi wosakazinga amalowa ku EU opanda msonkho kuchokera kulikonse, pomwe wokazinga msonkho wake wanthawi zonse ndi 7.5 peresenti. Phindu lalikulu la mapangano ochotsa msonkho lili pa katundu wokazinga, wopera, wofinya ndi woika m'mapaketi. Ambiri amene amandiimbira foni amakhala akusangalalira kuchotsedwa kwa msonkho umene katundu wawo sankalipira n'kale.

Msonkho wotsikawo saupereka kwa aliyense wongofika. Pamafunika umboni wakuti katunduyo ndi wa dziko lanu. Kuyambira 2001, EU imalola mayiko osauka kwambiri kulowetsa chilichonse, kupatula zida zankhondo, popanda msonkho komanso popanda malire a kuchuluka. Ndondomekoyi ndi Everything But Arms. Wotumiza amalembetsa ku REX, kaundula wa EU wa otumiza katundu, n'kumalemba yekha mawu otsimikizira pa invoice, ndipo ngati katundu sakupitirira mayuro 6,000 kulembetsako sikufunika. Mbewu yolimidwa ndi kukololedwa m'dziko lanu ilibe vuto. Vuto limayamba mukasakaniza, monga jamu wa zipatso zanu koma shuga wogula kunja. Pangano lililonse lili ndi malire ake a zakunja zimene zingalowe m'katundu, ndipo muwawerenge musanagule shugayo. Pangano la msika umodzi wa Africa, AfCFTA, lomwe linasainidwa ku Kigali mu 2018, limachotsa msonkho pa 90 peresenti ya mitundu ya katundu, 7 peresenti imatsika mochedwa, ndipo 3 peresenti dziko lingaisiye kunja. Zakudya ndi zimene maboma amakonda kubisa m'magulu awiri omalizawo, choncho fufuzani nambala yanu pa mndandanda wa dziko limene mukupita, osangodalira zimene yalengeza wailesi.

Tsopano tifike pamene amagwera ambiri. Chuku cha mtedza, chimanga, tsabola wouma ndi mbewu zina chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Saoneka, sanunkha, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Codex Alimentarius, buku la malamulo a zakudya la FAO ndi WHO, limalola magawo 15 pa biliyoni pa mtedza wokakonzedwanso. United States imalola 20. EU imalola 4 okha pa mtedza wokadyedwa mmene ulili, ndipo mwa amenewo mtundu woopsa kwambiri, B1, usapitirire 2. Mtedza womwewo ungalowe ku New York n'kukanidwa ku Rotterdam.

Mmene amatengera sampulo ku EU ndi phunziro palokha. Pa mtedza wa matani 15 kapena kuposa, woyendera amabaya malo 100 osiyanasiyana, magalamu 200 pamalo, mpaka akwanitse makilogalamu 20, n'kuwapera asanayeze. Amavutika chonchi chifukwa poizoniyu safalikira mofanana m'thumba. Njere zochepa zowola, zobisika pakati pa zabwino zikwizikwi, n'zokwanira kugwetsa kontena yonse. Inu mukatapa kadzanja kamodzi pamwamba pa thumba loyandikira chitseko n'kuthamangira nako ku labu, pepala limene mubwere nalo likunena za kadzanjako basi. Tengani chobayira matumba, mubaye pamwamba, pakati ndi pansi, mufike ku matumba okhudza khoma ndi ogona pasimenti, amene anthu amawazemba chifukwa ndi ovuta kuwafika. Sakanizani bwino, ina mutumize, ina musunge yomata ndi kulemba tsiku. Labuyo ikhale yovomerezeka pa muyezo wa ISO 17025. Pepala la labu ina wogula amangoliyang'ana n'kuliika pambali.

Labu imangokuuzani zimene zachitika kale. Chuku chimalowa mbewu ikavutika ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo, ikachedwa kukololedwa, ikayanikidwa padothi, kapena wina akawaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, musamadalire kuluma njere. Codex imaika 9 peresenti pa mtedza wosenda, koma ogula ambiri amafuna kutsikirapo, ndipo khofi wosakazinga asapitirire 12.5 peresenti. Kenaka kusankha ndi manja: njere zofota, zosweka, zamawanga, zobooledwa, zonse zichoke. Apa ndili ndi chidandaulo chimene sindichibisa. Zochotsedwazo n'zimene zili ndi poizoni wochuluka, ndipo kawirikawiri osankhawo amapita nazo kunyumba kukadyetsa ana, kapena zimapita kukhola n'kubwerera kudzera mumkaka. Kampani imene ikunyadira kuti kontena yake yadutsa ku Ulaya iyenera kudziwanso kumene zotsalazo zathera.

Mankhwala ophera tizilombo ali ndi malire awonso. Ku EU, mankhwala amene alibe malire ake olembedwa pa mbewu imeneyo amaikidwa pa mamiligalamu 0.01 pa kilogalamu, kutanthauza kuti akangopezeka, katundu wagwa. Chlorpyrifos anafika pamenepo mu 2020, pomwe m'mayiko ambiri anali akugulitsidwabe poyera. Kuloledwa kwanu sikuloledwa kwa wogula. Ndipo nsomba ikawola imodzi, zonse zawola: mu 2015 EU inatseka nyemba zouma zonse za ku Nigeria chifukwa cha dichlorvos amene ena ankathira posunga. Chaka chomwecho inatseka tsabola, mabiringanya ndi ndiwo zina zamasamba za ku Ghana chifukwa cha tizilombo, mpaka kumapeto kwa 2017. Mu 2020 chitowe cha ku India chinapezeka ndi ethylene oxide, zakudya zambirimbiri n'kuchotsedwa m'masitolo a ku Ulaya. Amene anatsata malamulo anavutika limodzi ndi amene sanatsate.

Yankho la vutoli ndi kope wamba. Mlimi aliyense amene mukumugula alembe dzina la mankhwala, tsiku lothira, kuchuluka kwake ndi tsiku lokolola. Thumba lililonse likhale ndi nambala yosonyeza mlimi kapena gulu lake, ndipo katundu wa wamalonda wongodutsa, amene simukudziwa kumene wamutenga, asasakanizidwe ndi wanu ngakhale kontena itaperewera. Pa intaneti pali RASFF Window, pomwe EU imalemba chakudya chilichonse chimene chakanidwa ndi chifukwa chake. Werengani za mbewu yanu za zaka ziwiri zapitazi. Lembetsaninso pa ePing, kuti dziko likafuna kusintha lamulo muzilandira uthenga lisanayambe kugwira ntchito.

Za tizilombo, pepala lake ndi phytosanitary certificate, loperekedwa ndi nthambi ya boma lanu yoona za umoyo wa zomera itayendera katundu. Mayiko ambiri amafunanso kuti wogula atenge import permit, chilolezo cholowetsera katundu, kwawo, ndipo m'menemo mumalembedwa mawu amene ayenera kuoneka pa satifiketi yanu. Muuzeni wogula akutumizireni pepala limenelo musanaitane oyendera, chifukwa satifiketi yosowa mzere umodzi ili ngati palibe. Kuyambira Disembala 2019, zipatso zonse zaziwisi zolowa ku EU zimafuna satifiketiyi kupatula chinanazi, nthochi, kokonati, durian ndi zipatso za kanjedza. Mapaleti amatabwa akhale ndi chidindo cha ISPM 15, chosonyeza kuti anatenthetsedwa mpaka madigiri 56 kwa mphindi 30 kapena anafukizidwa mankhwala. Katundu wabwinobwino amaimitsidwa chifukwa cha thabwa lopanda chidindo limene wina anatsekera nalo mpata. Ku United States, malo okonzera chakudya alembetsedwe ku FDA, nthambi ya boma yoona za zakudya ndi mankhwala, ndipo FDA idziwitsidwe katundu asanafike.

Pamwamba pa malamulo a boma pali a masitolo. GlobalG.A.P. ndi ya kumunda, HACCP ndi BRCGS ndi za m'fakitale, ndiye pali za organic ndi Fairtrade. Langizo langa n'lalifupi: musalipire satifiketi imene wogula weniweni sanaipemphe. Ndi zodula, ndipo zambiri zimafuna kuyenderedwa chaka ndi chaka. Ikafunika, alimi ang'onoang'ono aitenge ngati gulu, GlobalG.A.P. imalola zimenezo. Olima khofi, koko, soya, labala ndi kanjedza wa mafuta adziwenso lamulo la EU loletsa katundu wochokera m'malo amene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020. Tsiku loyambira lakhala likusunthidwa, koma ogula ayamba kale kufunsa malo enieni a munda uliwonse pa mapu. Foni yokhala ndi GPS imakwanitsa. Munda woposa mahekitala 4 umafuna kuzunguliridwa malire ake onse.

Nanga wogulayo mumupeza kuti? Pafupifupi dziko lililonse lili ndi bungwe lolimbikitsa malonda akunja, koma musapiteko mukuyembekeza kuti akuwonjezerani ndalama pa tani. Mu 2015, ku Nairobi, mayiko a WTO anagwirizana zothetsa sabuside ya zokolola zotumizidwa kunja, ngakhale mayiko osauka kwambiri analoledwa kuthandizabe pa mayendedwe ndi kutsatsa mpaka 2030. Chimene mabungwewa angakupatseni ndi malo pa chionetsero, maphunziro, ndi mayina a ogula. Zionetsero zikuluzikulu za zakudya ndi Anuga ku Cologne ndi SIAL ku Paris, zimene zimasinthana zaka, Gulfood ku Dubai, Fruit Logistica ku Berlin ya zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndi Biofach ku Nuremberg ya organic. Bungwe la CBI la ku Netherlands limalemba mwaulere zimene ogula a ku Ulaya amafuna pa mbewu iliyonse. Kuchionetsero musapite ndi zithunzi zokha. Tengani pepala limodzi lonena kukula kwa njere, chinyezi, zotsatira za labu, matani amene mungakwanitse pamwezi ndi miyezi yake. Sampulo yanu ifanane ndi katundu amene mudzatumize. Yosankhidwa njere imodziimodzi imangokukumbirani dzenje. Ndipo musanyoze dziko loyandikana nalo. Lole ya masiku awiri ndi sukulu yotsika mtengo kuposa sitima ya milungu isanu.

Mtengo usatuluke pakamwa popanda zilembo zitatu ndi dzina la malo. Zilembozo ndi Incoterms, malamulo 11 a International Chamber of Commerce, ndipo amene akugwira ntchito pano ndi a 2020. FOB ndiye kuti inu mulipira zonse mpaka katundu atakwera sitima padoko lotchulidwalo. CIF ndiye kuti mulipiranso sitima ndi inshuwalansi mpaka doko la wogula, koma, ichi ambiri sachidziwa, katundu akawonongeka panyanja ngoziyo ndi ya wogula, chifukwa inachoka m'manja mwanu atangokwera sitima. Pa makontena ICC yomweyo imalangiza FCA, pomwe ngozi imachoka m'manja mwanu mukangopereka katundu kwa wonyamula, popeza kontena mumaipereka kudepoti masiku angapo isanakwere. Ngati dziko lanu lilibe nyanja, kulonjeza FOB pa doko la dziko lina ndiye kuti lole, zipata zonse za m'njira ndi kuchedwa kwake zili pamutu panu. Werengerani zonse: matumba, kusankha, zotayika posankha, labu, kufukiza, clearing agent, lole, doko, chiwongoladzanja cha miyezi imene ndalama zili panjira. Mukatero ndi pomwe mutchule mtengo.

Kalipiridwe ndi kamene kamapha makampani ang'onoang'ono. Alimi mwawalipira pogula, inu mulandira patapita miyezi iwiri kapena itatu. Ndi wogula watsopano pemphani gawo la ndalama musanapakire, lotsalalo alipire asanalandire bill of lading, pepala limene amatulutsira katundu padoko. Pepala limenelo likachoka m'manja mwanu ndalama musanaione, mwatsala ndi chikhulupiriro chokha. Letter of credit, kalata ya banki yolonjeza kulipira m'malo mwa wogula, imateteza, koma mudziwe khalidwe lake: banki siyang'ana katundu, imayang'ana mapepala. Malamulo ake, UCP 600, amaipatsa masiku 5 ogwira ntchito kuti iwafufuze, ndipo ngati sipanalembedwe zina, mapepala afike pasanathe masiku 21 katundu atakwera. Dzina la kampani likalembedwa mosiyana pa invoice ndi pa bill of lading, kapena kulemera kukasiyana ndi kwa pa packing list, banki ili ndi ufulu wokana kulipira. Kalatayo ikangofika iwerengeni mzere ndi mzere, ndipo chimene simungakwanitse chisinthidwe musanapakire. Samalaninso ndi imelo yonena kuti akaunti ya banki yasintha. Imbani foni pa nambala yakale mutsimikize.

Tsiku lopakira mukhalepo nokha. Lowani m'kontena, wina atseke zitseko, muyang'ane ngati pali kuwala kolowera padenga kapena m'mbali. Nunkhizani, kontena imene inanyamula utoto kapena matayala imapatsira khofi fungo. Gwirani pansi muone ngati matabwa ndi ouma. Yalani makatoni kapena pepala lokhuthala pansi ndi m'mbali, pachikani timatumba toyamwa chinyezi, ndipo pamwamba pa matumba musiye mpata ndi kufunditsa pepala. Sitima ikachoka kotentha kupita kozizira, nthunzi imadontha kuchokera padenga, ndipo mbewu imene inachoka youma imakafika matumba apamwamba atachita chuku. Kontena ya mafiti 20 imalowa matumba 320 a khofi a makilogalamu 60, omwe ndi matani 19.2. Kuyambira Julayi 2016 kulemera kwa kontena yodzaza kuyenera kutsimikizidwa isanakwere sitima. Jambulani zithunzi kontena ili yopanda kanthu, itafika theka, itadzaza, ndi nambala ya chomatira chapachitseko, ndipo nambalayo ifanane pa mapepala onse.

Chatsala ndi kontirakiti, ndipo mizere iwiri ndi imene ndimaiyang'ana kaye. Woyamba unene malo amene ubwino wa katundu udzatsimikizidwe. Ngati ndi padoko la wogula, mtengo wa padziko lonse ukangotsika katundu ali panyanja, wogula wosakhulupirika amapeza chilema. Limbanani kuti kampani yoyendera yoima payokha, monga SGS kapena Bureau Veritas, iyeze popakira, ndipo zotsatira zake zikhale zomaliza.

Wachiwiri ndi wa boma lanu lomwe. Malamulo a WTO amalola dziko kuletsa kwakanthawi kutumiza chakudya kunja pakakhala kusowa kwakukulu, ndipo maboma amachitadi, nthawi zambiri popanda chenjezo. Mu Julayi 2023 India, dziko lotumiza mpunga wambiri kuposa onse, linatseka mpunga woyera wosakhala wa basmati, ndipo chiletsocho chinakhala mpaka Seputembala 2024. Ngati mbewu yanu ndi imene anthu a m'dziko lanu amadalira pa chakudya, fufuzani ngati imafuna chilolezo chotumizira kunja, muchitenge musanasaine, muone tsiku limene chikutha. M'kontirakiti mulembedwe kuti boma likatseka chipata, inu simudzalipira chindapusa cha kulephera kutumiza, komanso kuti ndalama zimene wogula anapereka kale zidzabwezedwa motani ndi pa masiku angati.